Mnzanga amadya kuposa ine koma sanenepa: mafunso ndi mayankho pa nkhani yochepetsa thupi

Zimawawa mukamadya mbale imodzi ndi mnzanu woonda ngati bango, iye n'kumaliza mitanda itatu ya nsima inu mukadali pa woyamba, koma pakutha pa chaka siketi kapena thalauza n'kukana inuyo. Mafunso ali m'munsiwa amachokera pa kuwawa kumeneko. Mayankho ake ndi a munthu wamkulu amene alibe vuto lina m'thupi. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa khanda, mwana amene akukula, komanso munthu amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulini, asayambe kuchepetsa chakudya asanakambirane ndi achipatala.

Kodi metabolizimu imene anthu akuitchulatchulayi n'chiyani?

Ambiri amayesa ndi kagayidwe ka chakudya m'mimba, koma kugayako ndi kachigawo chabe. Metabolizimu ndi ntchito yonse imene thupi limagwira posandutsa chakudya kukhala mphamvu ndi kuigwiritsa ntchito mphamvuyo. Ili ngati mbaula yosazima. Chakudya ndiye makala, ndipo makala otsala thupi silitaya, limawasunga m'thumba lotchedwa mafuta. Muyezo wa mphamvuyo ndi makalori. Mwachiyerekezo mayi wamkulu amawotcha makalori pafupifupi 2,000 patsiku, bambo 2,500, ngakhale kuti msinkhu ndi ntchito zimasintha manambalawa kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti makala ambiri amapsa munthu ali chikhalire. Pa makalori 100 alionse, 60 mpaka 70 amathera pongosunga moyo: kupuma, kupopa magazi, kutenthetsa thupi, ntchito ya chiwindi ndi impso. Ubongo wokha, kachinthu kolemera kilogalamu imodzi ndi theka, umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu imene thupi limawotcha popuma. Pa makalori 100 aja, pafupifupi 10 amathera pogaya chakudyacho. Otsalawo ndiwo a kuyenda, kulima, kuchapa, kusesa ndi masewera, ndipo ndi gawo lokhali limene munthu angalikweze mwa kufuna kwake lero lomwe.

Ndiye n'zoona kuti matupi athu amasiyana, kapena ndi chonamizira cha anthu onenepa?

N'zoona, ndipo amene amaseka mawu amenewa sanaone umboni wake. Mu 1990 Claude Bouchard ndi anzake a ku yunivesite ya Laval ku Quebec, m'dziko la Canada, anaulutsa zimene anapeza pa anyamata 24 omwe anali mapasa ofanana nkhope, awiriawiri. Anawasunga pamalo amodzi kwa masiku 100, n'kumawadyetsa makalori 1,000 oonjezera patsiku, masiku 6 pa sabata. Choonjezeracho chinali chofanana kwa onse. Koma potuluka, wina anali atakwera ndi makilogalamu 4 okha pamene wina anakwera ndi 13. Ndipo aliyense ananenepa mofananako ndi mbale wake wobadwa naye, ngakhalenso malo amene mafutawo anakhazikika. Za kumtundu zilipo ndithu.

Funso n'lakuti kusiyanako kumabisala pati. Anthu awiri ofanana msinkhu, zaka ndi kulemera, mbaula zawo zapopuma sizitalikirana kwambiri. Kwa ambiri kusiyana kwake sikupitirira makalori 200 kapena 300 patsiku. Si pang'ono, koma sikufotokoza zonse. Mu 1999 James Levine wa ku Mayo Clinic ku America anadyetsa anthu 16 makalori 1,000 oonjezera tsiku lililonse kwa masabata 8. Wina anasunga mafuta osakwana theka la kilogalamu, wina oposa makilogalamu 4. Atafufuza anapeza kuti osanenepawo, chakudya chikachuluka, matupi awo ankayamba okha kutakataka: kuimirira pafupipafupi, kuyendayenda, kugwedeza miyendo, kusakhazikika pampando. Mmodzi ankawotcha makalori oonjezera pafupifupi 700 patsiku m'njira imeneyi, iye osadziwa n'komwe.

Mumuonetsetse mnzanu woonda uja. Kawirikawiri ndi uja sakhala pansi, amalankhula pafoni akuyenda, akadya kwambiri masana madzulo amangolawa. Inu mumamuona pa ukwati pamene wadzaza mbale, simumuona Lolemba pamene waiwala nkhomaliro. Kusiyana kwakukulu pakati pa anthu kuli pa njala, pa kukhuta msanga kapena mochedwa, ndi pa kutakataka kosakonzekera. Zimenezi munthu sasankha, n'chifukwa chake kutsanzira mbale ya mnzanu n'kudzinamiza.

Ine ndimadya pang'ono zedi koma ndikunenepabe. Kodi mbaula yanga si yakufa?

Yankho lake silikoma. Thupi lalikulu limawotcha mphamvu yambiri kuposa laling'ono, monga lole imamwa mafuta ambiri kuposa njinga yamoto. Munthu wa makilogalamu 95 amawotcha makalori ambiri ali mtulo kuposa wa makilogalamu 60.

Mu 1992 ofufuza a ku New York anatenga anthu amene ankanena motsimikiza kuti amadya makalori osafika 1,200 patsiku koma saonda. Atayeza metabolizimu yawo anaipeza ili bwinobwino. Atayeza chakudya chenicheni chimene chinkalowa m'kamwa, anapeza kuti pafupifupi theka lake silinkawerengedwa. Anthuwo sankanama dala. Mutu wa munthu umakumbukira zimene wadyera patebulo, zinazo umazikhululukira.

Titsate tsiku limodzi la mayi amene akuti "ndimangodya kamtanda kamodzi". M'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga, ku ntchito kapu ina, madzulo inanso. Masupuni 9 amenewo ndi makalori pafupifupi 140. Cha m'ma 10 koloko mandasi awiri, poti mimba ikulira. Pobwerera kunyumba mtedza wokazinga wa m'kapepala, ndipo mtedza uli ndi makalori oposa 550 pa magalamu 100. Pophika, mafuta akuthiridwa kuchokera m'botolo mwachindunji mpaka anyezi asambire, pamene supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ndi makalori 120. Kulawa ndiwo kawiri katatu. Mwana wasiya mpunga m'mbale, kutaya n'kulakwa, amalizira mayi. Kamtanda kamodzi kaja n'koona ndithu, koma kazunguliridwa ndi zinthu zokwana mitanda ina iwiri kapena itatu.

Musakhulupirire ine, yesani nokha. Kwa masiku 7 lembani chilichonse cholowa m'kamwa nthawi yomweyo, ngakhale chigege chimodzi kapena kapu ya thobwa la kwa aneba. Musasinthe kadyedwe, ingolembani basi. Pepalalo likuuzani pamene pakudontha.

Kodi ndisiyiretu nsima?

Ayi, pokhapokha ngati mwakonzeka kuisiya moyo wanu wonse, ndipo ine sindinamuone Mmalawi wotero. Makolo athu ankadya nsima kawiri patsiku osatuluka chimimba, chifukwa ankaidya atachokera kumunda ndipo ndiwo zake zinali za chidulo kapena zotendera pang'ono, osati zoyandama m'mafuta. Chasintha ndi ntchito ndi zoizungulira nsimayo.

Nkhani yakuti choyambitsa kunenepa ndi zakudya zokhutitsa kapena ndi mafuta inayesedwa ku yunivesite ya Stanford. Anthu 609 anagawidwa pawiri kwa chaka chathunthu, ena kuchepetsa mafuta, ena kuchepetsa zokhutitsa monga buledi ndi mpunga. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti magulu onse awiri anatsika mofanana, makilogalamu 5 mpaka 6 mwachiyerekezo. Koma m'gulu lililonse munali wina wotsika ndi makilogalamu oposa 20 ndi wina amene anakwera. Njira yabwino ndi imene inuyo mungaipirire.

Ufa wouma uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, kaya ndi woyera kaya ndi mgaiwa. Amene amati mgaiwa sunenepetsa akukokomeza. Ubwino wa mgaiwa ndi gaga uja, amene amachedwetsa njala ndipo ali ndi michere imene imatayika pokonola ndi kuviika mphale. Choncho sinthani ufa ngati mungathe, koma chachikulu werengani mitanda. Wozolowera itatu atsike pa iwiri, wozolowera iwiri atsike pa umodzi ndi theka, ndipo chipande chikhale chomwecho, osati kuchepetsa chiwerengero n'kukulitsa mtanda.

Nanga ndichepetse chiyani, ndionjezere chiyani?

Yambani ndi zomwa, chifukwa mphamvu yolowa ngati madzi sikhutitsa. Chakumwa chotsekemera cha m'botolo chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100, kutanthauza kuti botolo la theka la lita lingakhale ndi masupuni ang'onoang'ono 12. Bungwe la WHO limati ndi bwino shuga woonjezera asapitirire masupuni 6 patsiku lonse. Mowa uli ndi makalori 7 pa galamu iliyonse ya mowa weniweniwo, kuyandikira mafuta amene ali ndi 9, ndipo subwera wokha, umakoka kanyenya ndi mang'ina. Mabotolo asanu a Lachisanu madzulo angafafanize kudziletsa kwa masiku angapo.

Kenako mafuta ophikira. Siyani kuthira ndi botolo, gwiritsani ntchito supuni. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi, zitumbuwa ndi zigege zikhale za apo ndi apo.

Zoonjezera ndi ziwiri. Choyamba masamba, ndipo akhale ambiri kufika theka la mbale: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa, chigwada, therere, kabichi. Chachiwiri zomanga thupi pa chakudya chilichonse: nyemba, nandolo, khobwe, soya, mazira, usipa, matemba, nkhuku. Zomanga thupi zimakhalitsa m'mimba, zimateteza minofu pamene mukuonda, ndipo thupi limawononga makalori 20 mpaka 30 pa 100 alionse pozigaya, pamene pogaya mafuta siliwononga oposa 3. Mwambo wathu wa nsima phiri, ndiwo kakhwawa, ndi umene ukufunika kutembenuza. Kususa kumene ankatikalipira tili ana, pano n'kothandiza.

Ndiwo zotendera n'zabwino, koma nsinjiro ndi mtedza womwe uja. Mukatendera musathirenso mafuta.

Kodi masewera olimbitsa thupi okha sangandichepetse?

Kwa ambiri amachepetsa pang'ono chabe, ndipo apa ndi pamene anthu amagwa ulesi. Munthu wa makilogalamu 80 akayenda makilomita 5 amawotcha makalori pafupifupi 300. Ola lathunthu la thukuta limenelo lingabwezedwe m'mphindi zisanu ndi mandasi awiri ndi chakumwa chozizira, poti "ndagwira ntchito lero".

Palinso china chimene wofufuza wina, Herman Pontzer, anachiona pakati pa Ahadza a kumpoto kwa Tanzania, anthu amene amakhalira ulenje, kufula uchi ndi kukumba mizu, n'kumayenda makilomita ambiri tsiku lililonse. Aliyense ankayembekezera kuti amawotcha makalori ochuluka kwambiri. Atayeza, mu lipoti la 2012, anapeza kuti poganizira kukula kwa matupi awo, amawotcha pafupifupi mofanana ndi anthu a m'maofesi a ku America ndi ku Ulaya. Zikuoneka kuti thupi likazolowera kuyenda kwambiri limapeza pena pochepetsa, monga mayi wanzeru amachitira ndi ndalama za pakhomo mtengo wa chimanga ukakwera.

Izi sizikutanthauza kuti mukhale pansi. Ahadza omwewo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi sapezeka kawirikawiri pakati pawo. Masewera amatsitsa shuga ndi BP ngakhale sikelo isasunthe, amachotsa mafuta obisika a m'kati mwa mimba, amagonetsa tulo tabwino, ndipo anthu amene anaonda n'kukhalabe choncho kwa zaka ambiri mwa iwo ndi oyendayenda. Kutsitsa thupi ndi ntchito ya mbale, kuliletsa kubwerera ndi ntchito ya miyendo. WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera othamangitsa mtima pang'ono, monga kuyenda mwandawala kofika poti mungathe kulankhula koma osatha kuimba, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kutsika minibasi siteji imodzi musanafike, kapena kumukana wakabaza pa mtunda wa mphindi 15, kumawerengedwa.

Ndamva kuti kunyamula zitsulo kumakweza metabolizimu. N'zoona?

Pang'ono. Kilogalamu imodzi ya minofu imawotcha makalori pafupifupi 13 patsiku popuma, ya mafuta 4 kapena 5. Mukavutika chaka chonse n'kuonjezera minofu ya makilogalamu 2, phindu lake silikwana supuni ziwiri za shuga. Ubwino weniweni wa zitsulo uli pena: munthu akamaonda amataya mafuta pamodzi ndi minofu, ndipo kulimbitsa minofu kumachititsa kuti chotayika chachikulu chikhale mafuta. Amayi asaope kuti aoneka ngati abambo, sizichitika mwangozi. Jimu si yokakamiza. Kunyonyomala ndi kuimirira maulendo 15 katatu, mapushapu otsamira khoma kapena tebulo, kunyamula zigubu ziwiri za malita 5 kapena 10, kukwera masitepe, zonsezi ndi zitsulo zaulere.

Ine vuto langa ndi chimimba chokha. Malamba omanga pamimba ndi kuvala pulasitiki pothamanga zimathandiza?

Ayi. Thukuta ndi madzi ndi mchere, mukamwa madzi kulemera kumabwerera. Kuthamanga mutavala pulasitiki kapena jekete mwezi wa Okutobala n'kudziitanira kukomoka. Masewera a pamimba amalimbitsa minofu ya pamimba, koma mafuta ophimba minofuyo sasungunuka chifukwa chakuti pansi pake pakugwedezeka. Thupi limatapa mafuta paliponse pamene lafuna, motsata mtundu wanu. Ena amayamba kuonda nkhope ndi mabere, chimimba n'kumatsalira mpaka kumapeto.

Mwina mungafune kudziwa kumene mafuta amapita. Ambiri ake sasanduka thukuta, satuluka kuchimbudzi. Pa makilogalamu 10 a mafuta owotchedwa, oposa 8 amatuluka m'mapapo ngati mpweya umene timapumira kunja, otsalawo amasanduka madzi. Munthu amaonda kudzera m'mphuno.

Sabata yoyamba ndinatsika makilogalamu 3, pano mwezi watha sikelo yangoima. Chalakwika n'chiyani?

Makilogalamu 3 amenewo ambiri anali madzi. Thupi limasunga shuga wapafupi m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse imagwira madzi okwana magalamu atatu. Mukachepetsa chakudya nkhokwe imeneyi ndiyo imayamba kutha, madzi ake n'kutuluka. Mafuta enieni amachoka mwaulesi. Kilogalamu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 7,700, choncho wochepetsa makalori 500 patsiku amataya pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Theka limenelo limabisika mosavuta. Chakudya cha mchere wambiri, kudzimbidwa, kapena masiku oyandikira kusamba kwa amayi zingakweze sikelo ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Dziyezeni m'mawa mutachoka kuchimbudzi, pa sikelo yomweyo, ndipo yerekezani mwezi ndi mwezi, osati Lachiwiri ndi Lachitatu.

Koma kuima kwenikweni kuliponso, ndipo apa ndi pamene metabolizimu imaonetsa mano. Thupi silidziwa kuti mukufuna kulowa m'diresi la chinkhoswe. Limangoona kuti kwagwa njala, ndipo limachita zimene linapulumutsa nazo makolo athu m'zaka za chilala. Thupi lochepa limawotcha zochepa, komanso limachepetsako moto kuposa mmene kuchepa kwakeko kukanafunira. Mu 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa ku Minnesota anachepetsa chakudya cha anyamata 36 odzipereka ndi pafupifupi theka kwa miyezi 6. Anataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, mphamvu yowotcha popuma inatsika ndi pafupifupi 40 pa 100, ankamva kuzizira, ankakwiya msanga, ndipo nkhani yawo inali chakudya basi. Mu 2016 Kevin Hall ndi anzake anayeza anthu 14 amene anaonda mwankhanza pa mpikisano wina wa pa TV ku America. Patatha zaka 6 ambiri anali atanenepanso, koma matupi awo ankawotchabe makalori pafupifupi 500 patsiku kuchepera pa amene ankayembekezeka.

Njala nayo imakwera. Timadzi ta m'thupi touza ubongo kuti "ndakhuta" timachepa, touza kuti "ndili ndi njala" timachuluka, ndipo ofufuza a ku Melbourne anapeza mu 2011 kuti zimakhalabe choncho ngakhale patatha chaka munthu ataonda. Wonenepanso ataonda si wopanda khalidwe, akulimbana ndi thupi lake lomwe.

Chochita sikelo ikaima: bwererani ku pepala lolemba lija, chifukwa mitanda imakula mwakachetechete. Onjezerani kuyenda. Ngati mwatopa, khalani pa kulemera komweko mwezi umodzi kapena iwiri musanayambirenso. Chimene simuyenera kuchita ndi kudula chakudya ndi theka kachiwiri.

Ndakwanitsa zaka 40. Si ukalamba umene wazimitsa moto?

Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2021, wa anthu oposa 6,400 a m'mayiko 29, kuyambira khanda la masiku 8 mpaka gogo wa zaka 95, anapeza kuti poganizira kukula kwa thupi, metabolizimu siisintha kwenikweni kuyambira zaka 20 mpaka 60. Ikatero imayamba kutsika, osafika 1 pa 100 pachaka. Chimene chimasintha pa zaka 40 ndi moyo: mwagula galimoto, mwakwezedwa pa ntchito n'kupatsidwa mpando, misonkhano ya ku hotela ili ndi tiyi wa 10 koloko ndi wa 3 koloko, mpira munasiya. Kwa amayi, nthawi yosiya kusamba imasamutsa mafuta kuchoka m'chiuno ndi m'ntchafu kupita pamimba, ndipo tulo timavuta. Zimenezo n'zenizeni.

Kodi pali matenda kapena mankhwala amene amanenepetsa?

Alipo. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamalamulira liwiro la metabolizimu, chikafooka munthu amatopa, amazizidwa anzake akumva kutentha, khungu limauma, amadzimbidwa, tsitsi limathothoka. Amayeza magazi kuti adziwe, ndipo mankhwala ake alipo. Komabe kulemera kumene chimabweretsa nthawi zambiri ndi makilogalamu 2 mpaka 5, ambiri mwa iwo madzi, osati 30. Mayi amene akunenepa, akusamba modumphadumpha, akumera tsitsi pachibwano ndipo akuvutika kutenga pathupi, akafunse za vuto lotchedwa PCOS.

Pa mankhwala, odziwika ndi prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, insulini, mankhwala ena a matenda a maganizo ndi a khunyu, komanso jakisoni wolera wa miyezi itatu kwa amayi ena. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene Malawi anayamba kusamutsirako anthu ambiri mu 2019, nawonso amakweza thupi mwa ena, ndipo kafukufuku wa ku Johannesburg anaonetsa kuti zimachitika kwambiri kwa amayi. Apa ndinene mosapsatira: musasiye ma ARV kapena mankhwala ena alionse chifukwa cha sikelo. Kauzeni amene amakupatsani mankhwalawo, akuyezeni shuga ndi BP, mukambirane.

Nanga matiyi ochepetsa thupi, madzi a mandimu ndi majakisoni amene atchukawa?

Matiyi ambiri ogulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, ndipo mukapitiriza mungavulaze matumbo ndi impso. Madzi ofunda a mandimu sasungunula mafuta. Amathandiza pokhapokha ngati alowa m'malo mwa tiyi wa masupuni atatu uja. Tsabola, khofi ndi tiyi wobiriwira zimakwezadi moto, koma ndi kachigawo kosaoneka n'komwe pa lamba.

Majakisoni a semaglutide, odziwika ndi maina a Ozempic ndi Wegovy, ndi nkhani ina chifukwa amagwiradi ntchito. Pa kuyesa kwa masabata 68 kumene kunalengezedwa mu 2021, anthu anatsika ndi pafupifupi 15 pa 100 ya kulemera kwawo. Onani mmene amagwirira: sakoleza mbaula, amachepetsa njala, zimene zikutsimikiza kuti nkhondo yaikulu ili pa njala. Ndi okwera mtengo, amachititsa nseru, amafuna dokotala, ndipo amene anawasiya anabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene anataya pasanathe chaka. Abodza aliponso pamsika.

Kudumpha kadzutsa kapena kusadya usiku kumathandiza?

Kwa ena inde, chifukwa maola odyera akachepa chakudya chimachepanso. Palibe matsenga ena. Ngati kusadya m'mawa kumakufikitsani pa chiwaya masana muli ndi njala ya fisi, si njira yanu. Nsima ya 8 koloko usiku ili ndi makalori omwewo a nsima ya masana, vuto la usiku ndi zokhwasulakhwasula za pa TV.

Chimene anthu amachinyoza ndi tulo. Ku Chicago mu 2010 anthu anapatsidwa chakudya chochepa chofanana, nthawi ina akugona maola 8 ndi theka, nthawi ina 5 ndi theka. Pa tulo tochepa mafuta otayika anachepa ndi kuposa theka, minofu yotayika inachuluka, ndipo njala inakula. Foni ya pakati pa usiku ili ndi mlandu wake.

Ndifike makilogalamu angati?

Musayambe ndi kulemera kwa tsiku la ukwati wanu. Kutsika ndi 5 mpaka 10 pa 100 kumasintha kale thanzi: wa makilogalamu 90 akafika 83 wachita chachikulu. Ku America, anthu amene anali pafupi kudwala shuga atalimbikitsidwa kutsika ndi 7 pa 100 ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chawo chinatsika ndi 58 pa 100, kuposa amene anapatsidwa mapiritsi a shuga otchedwa metformin. Zimenezi zinalengezedwa mu 2002.

Kuchipatala amagwiritsa ntchito BMI, kulemera poyerekeza ndi msinkhu: 25 kupita m'mwamba ndi kunenepa, 30 ndi kunenepa kwambiri. Muyezowu susiyanitsa minofu ndi mafuta. Wosavuta ndi wa chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, muzungulize pamimba cha pa mchombo, osakoka mpweya. Chikakumana, muli bwino. Chikapanda kukumana, mpata wotsalawo ndiwo ntchito yanu, ndipo mutha kuuyeza ndi zala mwezi uliwonse popanda kulipira mnyamata wa sikelo wa m'tauni.

Ndayamba kuonda ndipo achibale akuti ndikudwala, apongozi akuti mwana wawo sakundisamala. Nditani?

Funso ili ndi lathulathu. Kwathu kuno thupi ndi ulemu. Mkazi akanenepa amati banja lamuyanja, bambo akatulutsa mimba amati ndi bwana tsopano. Ndipo amene anaona zaka za m'ma 1990, pamene kuonda kunali chizindikiro cha maliro akubwera, sangasangalale kuona mwana wawo makolala akugwa. Mantha awo ali ndi pochokera, musawaseke. Koma zinthu zatembenuka. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali onenepa kupitirira muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chokwera kwambiri. Mizere ya kiliniki ya shuga ndi BP ikutalika.

Auzeni musanayambe, kuti asadzidzimuke: "Amayi, ku chipatala andiuza kuti BP yakwera, ndiye ndichepetsako thupi dala." Mawu akuti "ku chipatala" amatseka pakamwa pa ambiri. Mukapita kumudzi musakane chakudya, kumeneko n'kunyoza wophika. Sambani m'manja, yamikirani, idyani mtanda umodzi pang'onopang'ono ndi nkhwani zambiri, ndipo akakakamiza wachiwiri pemphani kuti ausunge mkute.

Pali kuonda kumene achibalewo angakhale akunena zoona. Ngati thupi likutsika inu musanasinthe kadyedwe, kapena likutsika mofulumira kuposa mmene mwachepetsera chakudya, makamaka pamodzi ndi chifuwa cha masabata awiri, thukuta la usiku, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kutsegula m'mimba kosaleka kapena chotupa penapake, kumeneko si kupambana kwa dayeti. Pitani mukayezetse TB, HIV ndi shuga sabata yomweyo.